Njinga Yolira M'makalata

Lolemba

Kalata yafika. Yagona milungu itatu m'thumba la makalata kusukulu, aphunzitsi aakulu angoikumbukira lero. Bambo a Lusiya akubwera kuchokera ku Joni. Lamulungu, basi ya masana. Lamulungu LINO!

Ndavina pang'ono pakhonde. Kenako ndakumbuka njinga.

Ndilembe zoona kamodzi, poti kope ili saliwerenga wina. Tsiku lonyamuka, zaka ziwiri ndi miyezi itatu yapitayo, mwamuna wanga sanandisiyire malangizo a mwana kapena a munda. Anandiimika pambali pa njinga yawo yamoto n'kunena kuti: "Loweruka lililonse uziponda kiki, ilire pang'ono, injini isagone." Ndinaponda sabata yoyamba. Yotsatira ndinapondanso. Ulendo wachitatu kiki inabwerera n'kundimenya pamsongolo, ndinatsimphina masiku asanu. Basi, ndinaifunditsa chiguduli.

Koma m'kalata iliyonse ndakhala ndikulemba kuti njinga ikulira bwino. Mwezi ndi mwezi. M'kalata ina ndinawonjezera kuti anthu amabwera kudzamvera. Chinandituma n'chiyani?

Njingayi anaigula ndi thukuta la ulendo wawo woyamba wa kumigodi. Ndipo munthu uja zina zonse amakhululuka, koma osati bodza. Apongozi nawo khomo lawo likuyang'anana ndi langa. Kuwerenga sadziwa, koma makutu ali nawo. Chipulumutso changa n'chimodzi: mwini wake aipeze ikulira, zotsalazo zikhale mawu a nkhalamba.

Ndachotsa matumba a mpunga omwe ndinasanjikapo. Zomwe ndapeza:

- matayala onse aphwa, lakumbuyo lilibe chubu (ndinadula ndine, timizere tomangira nkhuni)
- mpando makoswe aboola, aberekeramo
- tcheni chauma gwa, dzimbiri lokhalokha
- galasi palibe (lili kuchipinda, ndimadziyang'anirapo)
- batire palibe (anabwereka alamu a Wisikesi, mng'ono wawo wa bambo, "masiku awiri okha," chaka chatha)
- m'thanki mwatsala zomatamata zonunkha

Masiku asanu ndi limodzi. Zitheka. Chitsulo sichiwola.

Lachiwiri

M'mamawa kudoko, kukatenga batire. Alamu akusoka ukonde, maso pansi. "Alamu, ija inafa kalekale. Mtovu wake ndinasungunula, ndi uwu." Akundilozera timibulu tolemetsa ukonde. Batire ya bambo a Lusiya yakhala ikugwira chambo panyanja ya Chia, ine n'kumagula chambo chomwecho!

Ndapita kwa a Fundi Juma. Amakonza makina osokera, mapulaimasi, ndi injini ya boti imodzi yokha yomwe ili kuno. Njinga yamoto sanaigwirepo, koma akuti injini ndi injini. Abwera masipanala akulira m'thumba la mkanjo. Aizungulira katatu.

"Mama, mwandiitanira matenda kapena maliro?"

Koma atagwada n'kusuzumira pansi, nkhani yabwino: zamakedzana ngati iyi moto zimapanga zokha, batire n'ja nyali ndi hutala basi. Ndawomba m'manja ngati ndalandira mphatso.

Akufuna petulo watsopano, oilo, pulagi, chubu. "Lachisanu ilira, inshallah." Ndawapempha achotseko inshallah-yo, angonena kuti ilira. Akuti pa zipangizo zonse chimenecho ndiye sangagwire ntchito popanda icho.

Apongozi tsiku lonse ali pamkeka, akuonerera. Alankhula kamodzi kokha: "Mkamwana, masiku ano mwayamba kuikonda njinga."

Sindinadye bwino.

Lachitatu

Ku boma. Pachipata cha msika anyamata a chipani akufuna khadi. Yanga ndili nayo, ndamanga pamfundo ya chitenje. Wina akufunsa ngati bambo akunyumba ali nayo. Ndikuti ali ku Joni. Akuti ku Joni kapena ayi, ndi munthu wa dziko lino. Ndagula. Tsono njinga ilibe batire koma mwini wake khadi ali nayo.

Pulagi kulibe. Mwini sitolo akuti ndidikire lole ya mwezi wamawa. Mwezi wamawa ine ndidzakhala ndili kwathu, ndi katundu wanga pamutu!

Chubu ndapeza chakale, zigamba khumi ndi chimodzi. Oilo ndapeza. Petulo ndathira m'chigubu, ndakulunga ndi nsalu ngati mwana.

M'basi kondakitala akununkhiza uku ndi uku. "Wanyamula petulo ndani muno?" Ine maso pawindo, ndikuwerenga mitengo ya mango. Abambo omwe ndakhala nawo atulutsa fodya, ayamba kupichira chingambwe pang'onopang'ono, akufufuza machesi m'matumba. Ambuye! Ndatsika pasiteji yotsatira. Njira yotsalayo wapansi, chigubu pamutu, dzuwa lili paliwombo.

Ndapeza a Fundi apala pulagi yakale ija mpaka mbee, akuti igwirabe. Kabureta aimasula yonse, tizidutswa aika m'lichero langa. "Wina asakhudze lichero ili. Makamaka aka." Kachitsulo kachikasu, kakang'ono ngati njere ya mpunga, kali ndi kabowo pakati. Akuti petulo amadutsa mmenemo, popanda iko njinga ndi mpando chabe.

Ndaika lichero pamwamba pa mtondo, ndavundikira ndi mbale.

Lachinayi

Tambala asanatsike mumtengo, amayi a tcheya a chipani ali pakhomo. Amayi onse kubwalo la sukulu kukayeserera gule, mwezi wamawa kukubwera alendo akuluakulu. Zokana palibe.

Ndikuvina. Ndikumwetulira. Mutu uli m'lichero. Ndaphonya sitepe kawiri, amayi a tcheya akuwa pagulu: "Mayi a Lusiya, chiuno mwasiya kunyumba?" Dzuwa likupendeka, ife tikubwerezabe nyimbo yomweyo.

Ndafika thukuta kamukamu. Apongozi ali pabwalo, akupeta mpunga woti mwana wawo adzadye. Ndi lichero LIJA!

"Zitsulo zanu ndakhuthulira apo pamchenga. Lichero n'la chakudya."

Ndikanayankha bwenzi pano tili pabwalo la milandu.

Ndatola chimodzichimodzi. A Fundi awerenga, abwerezanso. Zonse zilipo kupatula kachikasu kaja. Ndatenga sefa ya ufa, ndasefa mchenga kuyambira pakhonde mpaka pankhokwe. Zomwe ndapeza:

- singano yomwe inasowa pa Khirisimasi
- mabatani awiri
- msomali
- mbedza, yandibaya chala

Bakha wathu wamwamuna waima chapafupi. Akundiyang'ana ndi diso limodzi, maonekedwe a munthu wokhuta. A Fundi nawo amuyang'ana nthawi yaitali. "Mama, abakha amameza chilichonse chonyezimira."

Kwatsala masiku atatu.

Lachisanu

Bakha wapita. A Fundi amuzinga mwa Chisilamu asananyamuke kupita kumzikiti, kuti nawonso adyeko. Ndang'amba nthutumba. Timiyala, kachidutswa ka botolo. Basi.

Masana nditenge lichero ndipete mpunga wodyera bakhayo, chinachake chandikanda chala. Kachikasu kaja! Kanakanirira pakati pa nsungwi, sikanagwe n'komwe. Bakha wafa wosalakwa. Ndalira pang'ono kuseri kwa nyumba, sindikudziwa ngati ndikulirira bakha kapena ine.

A Fundi abwerako, amanga kabureta, apopa matayala, tcheni achinyika mu oilo. Patsala tizikuluwu titatu. Akuti azungu amaika zochuluka dala.

Nthawi yoponda kiki. A Fundi bondo lawo n'lanyamakazi, woponda ndine. Chitenje chikukodwa paliponse. Ndalowa kuchipinda, ndavala thalauza lakale la bambo. Mkazi kuvala thalauza masiku ano ndi mlandu, ndiye ndatseka chitseko kuti odutsa asaone.

Ndaponda. Ndapondanso. Ndaponda mpaka ndasiya kuwerenga. Yangotsokomola kamodzi, thu!

"Mwamva? Ili moyo!" akutero a Fundi.

Pomwepo gogogo pachitseko. Apongozi. "Mwatsekerana mmenemo ndi a Fundi, mukuchita chiyani? Mwana wanga akubwera mkuja!"

Mayo ine! Ndikatsegula, ndili m'thalauza la mwamuna. Ndikapanda kutsegula, ndili m'nyumba yotseka ndi mwamuna. Ndakulunga chitenje pamwamba, ndatsegula. Aona njinga, aona a Fundi ali ndi sipanala, aona miyendo ya thalauza ikusuzumira pansi pa chitenje. Angotembenuka n'kubwerera kwawo, ndipo zimenezo ndiye zikundiopsa kwambiri.

A Fundi akuti mawa tiikankhe pamtsetse, kumeneko singakane.

Loweruka

Mtsetse wake ndi uja woyambira pamtengo wa mango kutsikira kudambo la mpunga. A Fundi akwera, mkanjo apindira m'chiuno. Okankha ndife awiri, ine ndi alamu a Wisikesi, omwe abwera okha chikumbumtima chitawaluma. Ndimafuna tichite mwakachetechete. Mudzi wonse wabwera.

Tikukankha. Tikuthamanga. A Fundi asiya kilatchi.

Phu! Phu! Dothi la mavu lathovoka ku ekizozi, landimenya pachifuwa. Kenako thu-thu-thu-thu-thu!

YALIRA! Yaliradi! Ndaimba nthungululu pakati pa msewu, misozi ili mbwembwembwe. Ndapulumuka!

A Fundi akutsetsereka, akukuwa chinachake. Tamvetsera bwino: "Mabuleki! Mabuleki!"

Ndatembenukira kwa alamu. Maso pansi. "Waya wa buleki ndinamangira nkhafi yothyoka." Buleki ya phazi ilipo, koma a Fundi sanafunse kuti ili mbali iti.

Pathera msewu, payamba dambo. Khuvuu!

A Fundi ali bwino, matope mpaka m'ndevu. Mawu awo oyamba: "Mama, ine ndinati ilira. Za kuima sitinapangane."

Amuna asanu ndi mmodzi ndi chingwe cha ukonde, ndiye yatuluka. Foloko yakutsogolo yapindika. Injini yamwa matope. A Fundi akuti ikagona choncho ifa zenizeni, ndiye aimasula yonse kuti iume. Pano njinga ya bambo a Lusiya ili pamkeka pakhonde, zidutswazidutswa ngati usipa woyanika.

Apongozi akuuza anzawo mokweza, kuti ndimve: "Zaka ziwiri ndili pano, mawu ake ndawamva lero."

Mboni ndi mudzi wathunthu. Zoti ndikanene mawa:

1. Anabwera akuba. (Akuba omasula n'kuyanika pamkeka?)
2. Ndi alamu. (Theka lake n'zoona.)
3. Zoona.

Ndikuopa. Sindikuopa kukalipiridwa, ndikuopa kuti adzangondiyang'ana, n'kusiya kukhulupirira chilichonse chomwe ndinawalembera. Zoti ndawasowa zinali zoona.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Masana pasiteji, ine, Lusiya, apongozi, alamu. Ndasankha nambala 3, ndaloweza mawu ake.

Basi yaima. Atsitsa sutikesi, bulangete, wailesi. Kenako kondakitala watambasula dzanja kuthandiza munthu. Zayamba kutsika ndodo ziwiri.

Ndi bambo a Lusiya. Mwendo wakumanja wa thalauza ndi wopinda pabondo, womanga ndi pini.

Mwala unagwa mumgodi, miyezi khumi ndi umodzi yapitayo. Makalata onse aja a "ine kuno ndili bwino, ntchito ikuyenda" ankalembera pabedi la chipatala, ena pakhonde la komboni. Apongozi akhala pansi m'fumbi, akulira. Ine mawu ndinaloweza aja athawa.

Tayenda pang'onopang'ono mpaka kunyumba. Pakhonde aima, ayang'ana mkeka uja nthawi yaitali. Ndangokhuthula zonse: "Chichokereni inu inalira kawiri, kachitatu ndi dzulo. Ndinkanama."

"Dzulo inalira?"

"Kuyambira pamango mpaka m'dambo."

Akuti makalata anga ankawerengera anzawo m'wodi, makamaka pamene pankanena za njinga, ndipo wodi yonse inkadziwa kuti Loweruka ku Nkhotakota ikulira. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Ndawafunsa chifukwa chake sanandiuze za mwendo. Akuti ankaopa kuti ndisiya kulemba. Ndakwiya, ndalira, ndawapatsa madzi akumwa. Abodza awiri nyumba imodzi, wozenga mnzake mlandu palibe.

Pano akhala pamkeka ndi kansanza, akupukuta chitsulo chimodzichimodzi, chilichonse akuchitchula dzina. Akuti a Fundi anaika giya ina chagada. Akufunsa komwe kuli tizikuluwu titatu. Akuti tikaimanga woponda ndine, woyendetsanso ndine, iwo azikhala kumbuyo.

Ndatereka madzi osamba. Ndiyenera kupeza kampando koti azikhalira kubafa.