Amayi Ebelesi, Mlonda wa Malipenga a Sukulu Yathu

Amene munakhalako kuno kumbali ya Zingalume mukuwadziwa amayi Ebelesi, aja ankagulitsa zitumbuwa pachipata cha sukulu yathu ya sekondale. Amene simunawaone, dziwani ichi chokha: mayi amenewo sankakhulupirira munthu, chinthu, ngakhale nyengo. Ukati, "Mwadzuka bwanji, amayi?" ankayamba akuyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu, kenako nkufunsa kuti, "Mwamva chiyani?" Ukawauza kuti kunja kukugwa mvula, ankatulutsa dzanja pawindo. Mwana wawo weniweni, Prudence, atabwera kuchokera ku Chipata atanenepa, anamuimika pakhomo mpaka atatchula dzina la galu amene anafa iye ali wamng'ono.

Ine ndine Bonaventure, mphunzitsi wa nyimbo, ndipo m'dera lonse la Chadiza palibe amene anakayikiridwa ndi mayi amenewa kuposa ine.

Sukulu yathu inali ndi malipenga asanu ndi awiri ndi ng'oma ziwiri, zosiyidwa ndi wansembe wina amene anabwerera kwawo kalekale. Zinali m'kachipinda kuseri kwa ofesi, zitada bii, mavu atamangamo. Chaka chimene kunabwera ahedi atsopano, anandiitana nkundiuza mosapita m'mbali.

"A Bonaventure, chipinda chija ndikufuna kuwetamo nkhuku. Bandi yanu ikapanda kuguba pa boma pa Tsiku la Ufulu, malipenga onse ndipereka kusukulu ina ku Chipata."

Apo nkuti ndi mu Meyi, ndipo Ufulu ndi pa 24 Okutobala. Yunifolomu tinalibe, zikopa za ng'oma zinali zong'ambika, malipenga ena ankangotulutsa mpweya ngati tayala loboola. Ndinaitanitsa msonkhano wa makolo. Anabwera ambiri ndithu, ndipo pa benchi ya kutsogolo panakhala amayi Ebelesi, amene analibe mwana ngakhale mdzukulu pasukulupo.

"Makolo anga," ndinayamba motero, "mutu umodzi susenza denga."

"Koma mitu ikachuluka udzu umasowa," anatero iwo. "Ine ndabwera kudzaona nkhope ya amene adzagulitse malipengawo. Ndaiona."

Anthu anaseka, ine magazi anawira. Zaka zonse zimene ndaphunzitsa sindinabepo ngakhale choko. Ndinalumbira mumtima kuti mayi ameneyu tsiku lina adzanena ndi pakamwa pake kuti Bonaventure ndi munthu. Makolo, pofuna kumuziziritsa, anamusankha kukhala m'komiti. Mawa lake ndinapeza pachitseko cha kachipinda kaja pali maloko awiri, langa ndi lina lalikulu ngati la pa sitolo ya mmwenye. Kiyi wake anali pakhosi pa amayi Ebelesi.

Tinagwirizana kuti banja lililonse lipereke soya kapena nsawa zodzaza meda imodzi, chitini choyezera chija, tigulitse pa boma, tigule nsalu ya yunifolomu. Zinthu zinkabwera pa njinga, pa ngolo, zina pamutu. Thumba lililonse amayi Ebelesi ankalipisa dzanja mpaka m'khwapa, kufuna miyala pansi. Anapisa tsiku lonse osapeza ngakhale kamwala kamodzi. Ine ndinati tsopano mtima wawo ukhala pansi.

"Mwaona, amayi? Anthu athu ndi okhulupirika."

"Ayi, aphunzitsi. Achenjera. Aphunzira kubisa."

Loweruka lililonse makolo ankapita kukachita ganyu m'magulu, kukumba mbatata, kuumba njerwa, zonse za bandi. Mayi amenewa ankafika woyamba, khasu paphewa, ndipo ankagwira ntchito ya anthu awiri, koma mutu uli cham'mbali, kuona amene akupuma kawirikawiri. Zitumbuwa za Lachisanu zonse ankazipereka ku bandi. Ukathokoza ankakwiya, amvekere, "Kuthokoza kotereku kuli ndi mchira."

Nkhani ya thilomboni ndiyo inafika mpaka ku Mlolo. Thilomboni ndi lipenga lalitali lija loimba chokoka ndi kukankha. Tsiku lina amayi Manesi, amene dera lonse limadziwa kuti amatcheza kachasu, anaima pachipata kumvetsera ana akuyeserera. Anangoti, "Koma kapaipi kameneka nkosalala bwino." Basi, mawu omwewo. Amayi Ebelesi anasiya mafuta ali pamoto, nkulowa pakati pa ana, nkusolola paipi ya thilomboni m'manja mwa mtsikana amene ankaimba.

"Mwamumva? Akufuna paipi yotchezera! Mawa tidzamwa nyimbo ya fuko m'botolo!"

Kuyambira tsiku limenelo paipiyo inkagona kwawo. Ankaibereka kumsana ndi chitenje ngati khanda, kupita nayo kumsika, kutchalitchi, kuchigayo. M'mawa asanaipereke kwa mwana ankayamba ainunkhiza, ndipo madzulo polandira ankainunkhizanso, akundiyang'ana ine.

Ana nawo sanapulumuke. Ankati ena mwa iwo akungofufumitsa masaya osaimba, kuti adzapite nawo ku boma ulere. Choncho ankayenda pamzere, kuika khutu pakamwa pa lipenga lililonse. Atafika pa chilipenga chachikulu chija chozungulira ngati nkhono, chimene ana anachitcha Gogo, analowetsa mutu wonse. Mwana anapuma mpweya nkuuzira ndi mphamvu zake zonse. Chinatuluka si nyimbo ayi, koma fumbi, mavu awiri ndi kaphokoso ngati mbuzi yotsamwa. Amayi Ebelesi anatulutsa mutu, duku lili pambali.

"Ichi chokha ndiye chanena zoona," anatero. "Chafa."

Chinalidi chakufa. Gogo anali ndi mng'alu m'mimba, malipenga ena atatu mabatani ake anali atauma gwaa. Nsalu tinagula, zikopa tinakunga, koma wokonza malipenga anali ku Lusaka ndipo mtengo wake unali wa ng'ombe. Kutatsala milungu itatu, kunabwera bambo wina wachikulire pa njinga, wolankhula motsitsa. Anati dzina lake ndi Francisco, amakhala ku Mlolo, amakhoma ndowa ndi mapoto. Anabwera kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo kwawo, nkhondo isanafike, ankaimba m'bandi ya mishoni.

"Ndamva kuti malipenga anu akudwala. Ndipatseni ndikawakonzere kwathu, zida zanga zili komweko. Sindifuna kanthu."

Ine ndinatsala pang'ono kumugwadira. Ndinati, "Amayi, akulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa."

"Kalumo kakuthwa nkamene kamadula khutu," anayankha. Anatembenukira kwa mkuluyo. "Inu mumakhoma mapoto. Malipengawa ndi achitsulo. Ndiye mwati tikupatseni chitsulo chonsechi ulere, mupite nacho komwe kuli nyundo? Sabata yamawa tidzaona Gogo akuphika nyemba pamaliro."

A Francisco anavula chipewa, nkuvalanso, nkukwera njinga yawo. Mmene ankapita, msana uli chowerama, ine ndinaona bandi yanga ikupita nawo. Mkwiyo wa miyezi isanu unatuluka tsiku limenelo, pamaso pa ana ndi makolo.

"Amayi Ebelesi, malipengawa simukuwalondera, mukuwapha! Palibe wakuba amene watipweteka ngati inu. Ahedi akadzaikamo nkhuku, loko lanulo mudzatsekere nkhukuzo!"

 Ndinkayembekeza mvula ya mawu, koma iwo anangomanga chitenje, nkunyamula beseni la zitumbuwa nkumapita. Ndinachita manyazi, pakuti anali a msinkhu wa mayi anga. Koma kupepesa sindinapepese.

M'mawa mwake ndinapeza amayi Ebelesi atakhala pakhomo pa kachipinda kaja, ngolo ya mlamu wawo ili poteropo.

"Tsegulani loko lanu. Musandifunse."

Anakweza Gogo ndi malipenga atatu aja, nkukhala pamwamba pake, ulendo wa ku Mlolo. Zimene zinachitika kumeneko anandiuza ndi a Francisco eni ake. Mayiyo anakhala masiku asanu ndi limodzi pa mpando, pafupi ndi moto wosungunulira mtovu, maso ali pa zala za mkuluyo. Ufa anabwera ndi wawo, madzi ankatunga okha. Kachitsulo kalikonse kakamasulidwa ankakamanga pa nsonga ya chitenje. Pofika tsiku lachitatu chitenje chinali mfundo zokhazokha, ndipo a Francisco ankachita kupempha kuti, "Amayi, ndibwerekeniko kasipuling'i kaja." Tsiku lachinayi a Francisco anawapatsa mayiyo ntchito yopemerera moto, poti munthu wangokhala.

Atamaliza, a Francisco anapukuta Gogo, nkumukumbatira, nkuimba kanyimbo ka kwawo kamene anali asanakaimbe zaka zoposa makumi atatu. Sanakamalize. Misozi inawatsekereza. Amayi Ebelesi akuti anayang'ana kumbali, nkungoti, "Ndiye mumadziwadi." Patapita masiku awiri anawatumizira nkhuku yathadzi ndi uthenga wakuti, "Musaganize kuti ndikupepesa. Nkhukuyi ndikuikayikira, imandiyang'ana ndi diso limodzi."

Tsiku la Ufulu tinakwera minibasi, amayi Ebelesi atayamba amenya tayala lililonse ndi chidendene ndi kununkhiza mkamwa mwa dalaivala. Pa boma anthu anali kholophethe. Titafola kuti tiyambe kuguba, amayi Ebelesi anaona kuti ng'oma yaikulu ili kumbuyo, kufupi ndi anyamata a pamsika. Kukhala kumbuyo sakanaona akutsogolo. Ndiye anaima patsogolo pa bandi yonse, nkutembenuka kuyang'ana ana, nkuyamba kuyenda chafutambuyo. Kuchokera pamsika mpaka pabwalo, chafutambuyo, chala chikuloza uyu, chikuloza uyo, ambulera ili m'mwamba kuopseza aliyense woyandikira. Anthu anayesa ndiye wotsogolera bandi. Nthungululu zinali pamenepo! Ine mphunzitsi ndinkayenda m'mbali ngati wonyamula madzi. Mkulu wina wa ku khonsolo anafunsa ahedi kuti mayi waluso chotero anamupeza kuti, ndipo ahedi, osaphethira, anati, "Ndi wathu, bwana, timamusamala kwambiri."

Nkhuku za ahedi anazimangira khola kwina. Pobwerera, ndinakhala mpando umodzi ndi amayi Ebelesi, mtima uli m'malo, ndikudikira mawu aja akuti Bonaventure ndi munthu.

"Amayi, malipenga onse alipo. Sindinagulitse."

"Simunapeze wogula," anatero, nkuyang'ana pawindo.

Tinakhala choncho zaka zina zinayi. Bandi inakula, a Francisco ankabwera Lachitatu lililonse kudzaphunzitsa ana, ndipo amayi Ebelesi ankawasecha thumba potuluka, kenako nkuwaikiramo zitumbuwa.

Chaka chatha, mvula itangotha, amayi Ebelesi anadwala. Anakana kupita ku kiliniki mpaka Prudence anachita kuwanyamula. Masana ena Prudence anandipeza m'kalasi, akuti amayi akukufunani. Ndinawapeza atatha, mawu akutuluka pang'onopang'ono, koma diso lili lomwe lija.

"Aphunzitsi, khalani apa. Anamwino awa akadzanena kuti ndafa, musawakhulupirire. Amatopa, amafuna bedi. Abusa nawo amafulumira, amaganiza za nsima ya pamaliro. Ndikufuna musanatseke bokosi, mubwere ndi ana onse, ndi Gogo yemwe. Muimbe pafupi ndi khutu langa, mwamphamvu. Ndikapanda kudzuka, ndiye mundiike."

Ndinayesa kuseka. Ndinati, "Nanga bwanji mwatuma ine, amayi? Si ine wogulitsa malipenga uja?"

Anandiyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu.

"Ndakulondani zaka zisanu, usiku ndi usana. Ndatopa nanu. Mulibe kanthu m'manja, a Bonaventure. Ndinu munthu."

Anamwalira patapita masiku atatu. Pa tsiku loika, bokosi lili pabwalo, ndinafoletsa ana mozungulira kumutu. Anthu ena ankabisa kuseka m'zitenje, poti uthengawo unali utamveka mudzi wonse. A Francisco ananyamula Gogo okha. Tinaimba nyimbo yathu yogubira, mwamphamvu monga analamulira, mpaka agalu anathawira kudambo. Ine manja ankatsogolera ana, koma maso anali pa zikope za amayi Ebelesi. Ndikuuzeni zoona, ndinkadikira. Ndinkati mwina atsegula diso limodzi nkunena kuti wina pamzere wachiwiri akungofufumitsa masaya.

Nyimbo inatha. A Francisco anati, "Tibwereze, mwina sanamve bwino." Tinabwereza. Pamenepo panalibenso woseka. Titayamba kachitatu, ana ena analephera kuuzira chifukwa cha kulira, ndipo abusa anabwera nkundigwira paphewa.

Masiku ano misonkhano ya komiti siichedwa. Ndikaimirira nkunena kuti tichite chakuti, makolo onse amangoti, "Zoona, aphunzitsi," nkumwazikana dzuwa likadali pamutu. Pachipata pamagulitsa mayi wina waulemu, woseka ndi aliyense. Zonse zikuyenda bwino, ndipo ine sindikuzikonda. Ndimabwerera kunyumba ndikudzifunsa ndekha ngati zimene ndanena zinalidi zoona, poti amene ankandifunsa tinamuimbira katatu, osadzuka.