Chifuwa cha Che Mussa Pamsika wa Mandimba

Lolemba
Ndabwerako ku Cuamba ndi nzeru. Pamsewu pali chikwangwani chotsatsa sopo: mnyamata wosavala malaya, chifuwa waliwali, sopoyo kachinthu kakang'ono pakona. Azimayi tonse m'shapa, kaminibasi kathu, makosi kutembenukira komweko. Nanga ine ndizivutikiranji kugulitsa milamba youma, pamene amuna anga Che Mussa ali ndi mapewa opalasira bwato kunyanja ya Amaramba? Ndikuwauza kuti tikawajambule chimodzimodzi, atanyamula mlamba. Akuti, "Mayi a Amina, ine ndi munthu wamkulu." Kenako akufunsa ngati tsitsi amete kaye.

Lachiwiri
Kwa wojambula. Tatenga:
mlamba waukulu,
mafuta ophikira opaka pachifuwa,
buluku la pa Idi.
Wojambula akuti, "Bambo, kokani mimba." Akukoka mpaka maso kufiira. Chithunzi chatuluka pachinsalu chachikulu ngati chitseko. Mimba sikuoneka. Mlamba nawonso sukuoneka bwino.

Lachitatu
Ndachipachika pamwamba pa benchi langa. Anthu adzaza! Koma akuimira patali kuti aone bwino, ndipo patalipo ndi pabenchi la Abiti Saidi, wogulitsa tomato. Pofika masana tomato wake watha. Kwa ine kwafika mayi mmodzi, akufunsa ngati ndikugulitsa mafuta odzola. Wina akuti, "Nsombazi tikuzidziwa, koma msodziyu munkamubisa kuti?" Ndikuseka ndi mano okha.

Lachinayi
Lero Che Mussa amayenera kupita kunyanja. Akuti kuli mphepo. Ngakhale tsamba silikugwedezeka. Akhala pakampando pansi pa chithunzi chawo, tsitsi lopesa, kupereka moni kwa aliyense wodutsa. Mayi wamasiye wa zitumbuwa wawapatsa ziwiri zaulere. Ine ndagulitsa moyandikana naye zaka zonsezi, sanandilawitsepo ngakhale chopserera.

Lachisanu
Che Mussa abwerako kumzikiti. Akuti shehe sanatchule dzina la munthu, anangolankhula za mchombo wa mwamuna kuti malo ake ndi m'kati mwa zovala, koma mzere wonse unatembenukira kwa iwo.
Madzulo apongozi atulukira kuchokera ku Mitande. Chithunzi chawafikira pafoni ya mdzukulu. Aima pamsika, achiyang'ana nthawi yaitali. "Mwanayu ndinkamusambitsa kuseri kwa nyumba, osati pamsika." Avula kapulana wapamwamba, chitenje chawo, n'kumumanga pachithunzipo kuyambira m'khosi. Pakuoneka mutu wa Che Mussa ndi mchira wa mlamba basi.

Loweruka
Anthu achuluka kuposa kale. Tsopano aliyense akufuna kudziwa chimene chabisidwa. Atsikana akudikira mphepo. Agogo ena akukweza kapulanayo ndi ndodo yawo, akuti akuchotsa kangaude. Ine ndasanduka mlonda wa chifuwa cha amuna anga. Ndili kalikiliki kumanganso mfundo, mphaka wathawa ndi mlamba uja waukulu. Yotsalayo yayamba kufumbwa, yatsopano kulibe, poti msodzi ali pano akudya zitumbuwa. Abiti Saidi waitanitsa tomato wina ku Ngauma.

Lamulungu
Chithunzi chija ndachitsitsa. Che Mussa anyamuka m'mawa kupita kunyanja, atavala malaya ndi jekete, mayi awo akuwaperekeza mpaka pokwerera shapa. Abiti Saidi wabwera kudzabwereka chinsalucho, akuti mpaka nyengo ya tomato ithe. Ndamuuza kuti ajambule akwake. Mawa ndibwerera ku kukuwa ndi pakamwa ngati kale. Chinsalucho ndachipinda, ndaika pansi pa matiresi. Ndisanapinde ndinatseka chitseko n'kuchiyang'ana pang'ono. Aliyense m'Mandimba waona, ine mwiniwake ndinali ndisanapeze mpata.