Mipango Yobiriwira Ngati Mpunga wa ku Lifuwu

Lolemba
Ndikalakwitsa izi apongozi andibweza kwathu ku Maganga. Anena okha, pamaso pa anthu. Mlamu wanga akwatiwa Lamulungu, ndiye zodinditsa mipango ya amayi andisenzetsa ine, poti foni ndili nayo ndine. Akuti: "Yobiriwira ngati mpunga wa ku Lifuwu, osati zinazo."

Lachiwiri
Ndaimbira bambo wodinda nsalu ku Lilongwe. Akuti: "Mayi, kubiriwira kulipo kosiyanasiyana, ndipatseni nambala yake." Nambala! Mtundu wasanduka minibasi? Ndatumiza chithunzi. Akuti foni imanama, nditumize chinthu chenichenicho, ali ndi kamakina koyezera mtundu. Chabwino. Ndathothola tsamba la mpunga, ndakulunga m'pepala, ndapatsira kondakitala wa minibasi ya ku Lilongwe.

Lachitatu
Tsamba silinafike. Kondakitala sakuyankha. Mwana wanga Amina akumera mano, kulira tsiku lonse, kubere osachokako.

Lachinayi
Lafika! Kani linali pagalasi lakutsogolo masiku awiri, padzuwa la ku Salima lino. Wodinda uja akuti: "Tayeza, nambala tapeza, makina salakwa." Alhamdulillah.

Lachisanu
Katundu wabwera anthu akutuluka ku mapemphero a Juma kumzikiti. Ndatsegulira kuchipinda ndekha. Mayo ine! Mtundu wake:
usipa wouma,
udzu wa padenga,
thewera la Amina.
Mipango makumi atatu, yonse! Ndaimbira wodinda uja, akuti: "Tsamba munatumiza ndi lomweli, mayi, nambala yake ndi imeneyi." Ndiye maso alibe? Anauonapo kuti mpunga wotere uli m'munda? Munthu woti anapita kusukulu!

Loweruka
Ndagula utoto wobiriwira kumsika, ndawiritsa yonse mumphika. Yatuluka mawangamawanga ngati nkhanga yodwala. Dzina la mkwati lafufutika theka. Chokwiyitsa n'chakuti manja angawa ndiye agwira kubiriwira kwa ku Lifuwu kwenikweni! Apongozi afunsa kawiri. Ndayankhira pawindo kuti ikuuma.

Lamulungu
Basi, zatha. Umodzi ndavala, ina ndapinda m'beseni. Zovala zanga ndi za mwana ndamanga kale m'chitenje. Amayi adzaza pabwalo, akuimba, mitu ili ndi mipango yakale. Apongozi ali pakhomo: "Make Amina, tatulutsani tione!" Bambo a Amina, tasiyani macheza a kumzikitiko, bwerani pompano, amayi anu akukankha chitseko!