A Cornelius ndi Njanji ya M'chigafa

Boma lonse la Kasungu lilibe njanji, koma ife a ku Njombwa tinali nayo, ndipo inkatiopsa kuposa njovu zothawa kupaki. Mwini wake anali malemu a Cornelius, bambo wamfupi wa makutu ngati zogwirira poto, amene anaumba mudzi wathu wonse pathebulo m'chigafa chawo n'kuuzunguliza kasitima. Ndikati wonse, ndikunena wonse: nyumba, zitsime, makola, minda ndi mizere yake, ndi ife eni ake tili timadongo totalika ngati chala cha nkombaphala chodulidwa pakati.

Anabwera kuno ngati mtenanti kuchokera ku Phalombe. Mzungu wa esiteti pochoka anagawira antchito katundu. Ena anatenga njinga, ena mabulangete, koma a Cornelius anasankha bokosi la kasitima koseweretsa ndi tinjanji take. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Akanadziwa!

Esiteti itagawidwa minda, iwo anapatsidwa kamalo ka kumapeto. Fodya ankalima wongokwana kugula sopo. Chigafa anachitchinga ndi mapulasitiki, n'kugoneka zitseko zakale zisanu ndi chimodzi pa mafoloko a mitengo, ndiye thebulo limenelo. Muyeso wawo unali umodzi: phazi limodzi pansi, njere imodzi ya chimanga pathebulo. Ankayenda m'mudzi ndi chingwe komanso thumba la chimanga, osapempha chilolezo. Tsiku lina anayeza chimbudzi cha a Sunganani, mwini wake ali momwemo.

"Ndani kumbuyoko?"

"Ndine, achimwene. Pitirizani, ndikungoyeza."

"Simungadikire ndituluke?"

"Ayi, mukatuluka chimawongoka pang'ono. Ine ndikufuna mmene chimakhalira muli mkati."

Luso lokha anali nalo, tisawanamizire. Phiri la Kasungu analiumba ndi nyuzi ndi phala la chinangwa. Makoswe analidya kawiri, mpaka anaphunzira kusakaniza phalalo ndi madzi a fodya. Udzu unali utuchi wosefedwa ndi sefa ya ufa, wonyikidwa mu penti. Mitengo inali mizu youma yozondotsa, damu linali galasi losweka. Masamba a fodya ankawadula ndi lezala, aang'ono ngati mpunga, n'kuwasoka ndi ulusi m'tizigafa ta machesi. Ikafika Okutobala ankawaula tchire la pathebulo ndi kandulo kuti lifanane ndi lakunja. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ankalumikiza batire ya sola, kasitima n'kuyamba kuzungulira, ife titaima pakhomo, mwendo umodzi mkati, wina wokonzeka kuthawa.

Mantha anayamba ndi denga la a Fainess. Lolemba a Cornelius anasasula kadenga ka nyumba ya a Fainess pathebulo. Lachinayi kamvuluvulu anasasula denga lenileni n'kukaliponya m'dimba.

"Ndinangoona kuti malata anu ayamba kuvina, ndiye ndimafuna anga avinenso," anatero a Cornelius.

Ndani anamva zimenezo? Pofika Lachisanu mudzi wonse unkadziwa kuti chimene a Cornelius akhudza pathebulo chimachitika pansi. Amene anafalitsa ndine, sindikana. Ine sindinama, ndimangothira mchere, kungoti dzanja langa ndi lolemera.

A Sankhani, mkulu wa mpingo, anapita ndi Baibulo kuti akathire pemphero pa chinthucho. Anatsinzina, natsegula diso limodzi, n'kuona kanjinga ka waya kali ndi kampando kofiira ngati ka njinga yawo, katatsamira kuseri kwa nyumba ya mayi wotcheza kachasu. Pempherolo linali lalifupi kuposa la chakudya. Potuluka anangoti, "Zilibe vuto izi, ndi zoseweretsa. Koma akazi anga asalowe, muli fumbi."

Ine ndinaseka kuposa onse. Ndinaseka mpaka chaka chimene a Cornelius anafika poumba munda wanga.

Linali Lamulungu la mu Novembala, mitambo itayamba kusonkhana. Ndinasuzumira pathebulo ndipo ndinauona: mizere yanga makumi anayi, chulu changa, mtengo wanga wa msuku, ndi ine ndemwe nditawerama ndi kakhasu, mpango wachikasu kumutu, matako akulu kuposa mmene ndimadzionera. Koma pafupi ndi chulu, njere zitatu kuchokera pamene ndinawerama, panali kamtumbira ka dothi lofiira, kamwala kumutu, kamwala kumiyendo.

Manda. M'munda mwanga, mmene mulibe manda.

Ndinatembenuka ndipo ndinapeza amayi a Chigwirizano akundiyang'ana mmene timayang'anira mbuzi ya pa Khirisimasi. A Fainess anandisisita paphewa.

"Mayi a Tawonga, limbani mtima. Koma ndowa yanga ija mundibwezere sabata ino."

Kuyambira tsiku limenelo mutu unkandiwawa, mwendo unkachita dzanzi, ndikatsokomola ndinkamva kununkha dothi. Kumunda ndinasiya kupita. Fodya pa nazale anali atakula, woyenera kuwokera ndi mvula yoyamba, koma ine kuponda pafupi ndi chulu chija? Ndinaganiza zopepesa onse amene ndinawajeda kuti ndipite woyera. Ndinayenda masiku anayi khomo ndi khomo osafika ndi theka lomwe, ndipo ena sankadziwa n'komwe kuti ndinawanena. Ndinachoka ndi adani ambiri kuposa amene ndinali nawo.

Kufunsa a Cornelius sindikanatha. Munthu amene ndinamutchula mfiti zaka khumi, ndikamufunse tsiku langa? Ndinayesa nzeru zina. Iwo ali kuchitsime ndinalowa m'chigafa, ndinatola kadongo kanga n'kukaika pakhomo pa tchalitchi pathebulo pomwepo. Mawa lake ndinakapeza kabwerera m'munda, koma tsopano njere ziwiri zokha kuchokera pa kamtumbira. Ndinawapititsira nkhuku.

"Ya chiyani nkhukuyi, mayi?"

"Yongochezera."

"Zikomo kwambiri. Inu ndinu munthu wabwino, anthu adzakukumbukirani."

Ndinabwerera kunyumba. Nkhuku anadya, manda anatsala.

Ndinatuma amuna anga, a Lucious, kuti akalankhule nawo ngati amuna okhaokha. Anakhalako maola atatu. Pobwera nkhope inali yowala.

"Mwawauza?"

"Mayi a Tawonga, kasitima kaja kamabwereranso chambuyo! Anandilola kugwira waya."

"Nanga manda?"

"Ndawaona. Awaika pabwino, pali mthunzi."

Mvula inagwa Lachiwiri. Lachitatu m'mawa anthu onse anali m'minda kuwokera, wanga uli gwaa. Ndinati ngati ndikufa, ndife nditaswa chinthucho. Ndinanyamula munsi n'kulunjika kuchigafa. Ndinawapeza a Cornelius atawerama, akudontheza guluu pa tinsangalabwi ta njanji ndi nthenga ya nkhuku, mwina yanga yomwe ija.

"A Cornelius, ndinakunenani, inde. Ndinati ndinu mfiti, ndinati kasitimaka kamayenda ndi magazi, ndinati makutu anuwo mumaulukira. Koma zimenezo n'zophera munthu? Tawonga wanga sanakwatiwe. Chotsani manda angawo, apo ayi phiri la Kasungu ligwa lero!"

Anandiyang'ana, nayang'ana munsi, nayang'ana pathebulo. Anaika nthenga pansi.

"Anu? Mayi, mukuona ngati ndingakuumbireni manda osakuyezani? Amenewa ndi a Patuma."

"Patuma wake uti?"

"Mkazi wanga. Inu munali musanabwere. Chaka cha njala, 2002, tikudya mizu ndi gaga. Anamwalira mu Febuluwale. Kumanda kwa eni mudzi ife matenanti sitinkawerengedwa, ndipo panalibe wamphamvu zonyamula munthu. Ndinakumba ndekha pafupi ndi chulu, poti dothi linali lofewa ndi mvula. Kenako thalakitala inadutsa, minda inagawidwa, malowo anagwera inu."

Munsi unandilemera. Ndinakumbukira mmene chaka chilichonse ndinkadzitamira pachitsime kuti fodya wa pachulu panga ndi wa masamba ngati a nthochi, ndipo a Cornelius ali pomwepo pamzere ndi ndowa yawo, akumva zonse.

"Nanga zaka zonsezi osanena bwanji?"

"Munda ndi wanu. Mtenanti anena chiyani m'munda wa eni? Koma pathebulopa ndi panga. Ndakhala ndikuzengereza, njanji ndinaikhotetsa kawiri kuti ndisafike pamenepo. Chaka chino maso ayamba kuchita nkhungu, ndiye ndinati ndimuike ndikadaona."

"Nanga ine kundisendeza pafupi?"

"Munadziika nokha patchalitchi pakati pa sabata. Ndani angakhulupirire? Ndinakubwezani, kungoti dzanja likunjenjemera."

Ndinaseka, kenako ndinapeza kuti ndikulira, ndipo iwo anandipatsa kansanza kopukutira penti. Ndinapita kumunda nkhope ili yobiriwira. Tinawokera mpaka madzulo, koma mizere iwiri ya pachulu ndinaisiya. Mawa lake a Cornelius anabwera ndi chingwe chawo, anayeza kuchokera pa msuku mapazi asanu ndi awiri, naima, navula chipewa. Tinaunjika dothi awiriwiri.

Anamwalira mu Juni ndi chibayo, fodya atapita kale ku okushoni. Abale a ku Phalombe sanapezeke. Akuluakulu anati aikidwe kumanda a mudzi, pakona, poti tsopano anali wathu. Ine ndinati agone pafupi ndi mkazi wawo. Anati si mwambo, munthu saikidwa m'munda. Sindinatsutse, ine ndine ndani? Ndinangopita kuchitsime n'kunong'oneza amayi awiri kuti malemuwo anandiuza kuti akawalekanitsa ndi Patuma, kasitima kazidzayenda kokha kufunafuna amene anakana, khomo ndi khomo. Dzuwa lisanafike pamutu, adzukulu anali akukumba pachulu, a Sankhani akuwauza kuti afulumire.

Chigafa chilipobe. Palibe wolimba mtima kuchigwetsa, palibenso wolowamo, kupatula chiswe chimene chayamba kudya mudzi kuchokera kumadzulo. Lamulungu tikaweruka timangobalalika, aliyense kwawo. Mwana akabadwa palibe womuumba, nyumba ikamangidwa palibe woizungulira ndi chingwe. Tinkaopa kuti munthu uja akutiyang'anitsitsa. Pano palibe amene amatiyang'ana choncho, ndipo mudzi ukuoneka ngati wachepa.

Munda wanga unachepadi, ndi mizere inayi. A Lucious amadandaula chaka ndi chaka kuti pamenepo ndi pamene pankachoka masamba abwino. Ine ndikamapalira ndimafika pachulu, ndimatsamira khasu, n'kuwapatsa moni awiriwo. Ndimawauza amene wakwatiwa, amene wathawa, amene denga lake layamba kuvina. M'Njombwa monse ndi anthu awiri okhawo amene ndimawauza nkhani yopanda mchere.