Njinga Yanga Ikubanika pa Chitunda

Lolemba
Vuto ndalipeza: njinga yanga yakabazayi ikubanika. Loweruka lililonse ndimanyamula Esinati ndi dengu lake la tomato kupita kumsika wa Nsaru, ndipo tikangowoloka dambo n'kuyamba chitunda chija, injini imalira ngati mbuzi yapachingwe. Esinati amatsika n'kumayenda pambali panga, ine ndikukankha. Manyazi ake! Miyezi isanu tsopano. Loweruka lino tikwera chitunda chonsecho popanda wotsika, ndipo pamwamba pake ndimuuza kuti ndimamukonda. Ndalumbira.

Lachiwiri
Ndatsegula kabokosi ka mpweya kali pansi pa mpando kaja. Mkati muli chisiponji chakuda bii. Eti injini izipumira m'chinthu chotere? Munthu ungathamange utakulunga thaulo kumphuno? Ndachiponya kuseri kwa khitchini. Kabokosiko ndakaboola ndi msomali wamoto, mabowo asanu ndi anayi. Kulira kwake tsopano! Nkhuku zonse zathawira pansi pa nkhokwe. Ndikatsinzina ndikuona mpango wa Esinati ukuuluka, mitengo ya bulugama ikutsalira m'mbuyo, iye atandigwira malaya.

Lachitatu
Zowonjezera lero:
paipi yakale ya pampu yakudimba,
botolo la mafuta ophikira lodula pansi,
malegeni atatu omangira.
Botolo laloza kutsogolo kuti lizimeza mphepo yonse yamumsewu n'kumaipereka ku kabureta. Anzanga pasiteji akuti njinga yamera chitamba. A Mbewe, amakaniko athu apansi pa mtengo wa mango, angopukusa mutu: "Achimwene, chilimwe chino? Fumbi lonseli mwalipezera nyumba." Nsanje basi. Akuluakulu amaopa zatsopano.

Lachinayi
Ndikasintha giya ikuwomba ngati mfuti. Akatekisiti amene ndimapita nawo ku Nambuma atsikira panjira, akuti sanakonzeke kukaonana ndi Mulungu lero. Palibe kanthu, mphamvu zimayamba choncho. Masana onse ndagona pamthunzi ndikuyeserera mawu. Ndiyambe ndi "Esinati" kapena "achemwali"? Ndigwire chiwongolero kapena ndiike manja kumbuyo? Ndikuona nyumba yamalata, njinga pakhonde, tomato akupsa kudimba, ana awiri. Wachiwiriyo watenga mphuno yanga, koma tidzamukondabe.

Lachisanu
Ndatsatira lole ya mtedza kuchokera ku Kabudula. Zimene ndapeza m'botolo:
mchenga wodzaza chikhatho,
makoko a mtedza,
nthenga ya nkhanga,
chiwala, chamoyo!
Injini ikutsokomola, ndipo yatentha moti malovu akuuma asanafike n'komwe. Kuti ilire ndaponda kiki kakhumi ndi kawiri. Pulagi ndaipukuta ndi malaya. Njinga ndainong'oneza: mawa lokha, mwanawe, mawa lokha.

Loweruka
Esinati wavala chitenje chobiriwira. Wayang'ana botolo, wayang'ana ine, wakwera. Tatsetserekera kudambo bwinobwino. Ndakoka moto wonse, mtima uli m'mwamba. Kamvuluvulu uyo, akubwera pakati pa msewu, ndipo walowa m'botolo ine ndikuona. Phu! Kenako zii. Ngakhale patsinde pa chitunda sitinafike.
Tikukankha tonse awiri, dengu lili pamutu pake. Pakati pa chitunda akuti: "Koma inu, mwaizunziranji njingayi? Ine ndimakwera yanuyi chifukwa cha pano. Kwina konseku injini imasokosa, pano pokha ndiye timacheza."
Tafika pamwamba. Wayima, akundiyang'ana, akudikira. Ine wefuwefu, fumbi mpaka m'mano. Mawu onse a Lachinayi aja athawa. Ndangoti, "Tomato sanaphwanyike?"
Akuti ayi, sanaphwanyike.

Lamulungu
Titaweruka kutchalitchi a Mbewe atsegula injini. Mchenga mpaka mkati, pisitoni yakalikakalika. Sananene kuti anandichenjeza, angondithirira mchengawo m'manja. Akuti zipangizo mpaka akazifune kutauni, milungu itatu.
Ndiye kuti Loweruka likubwerali Esinati amunyamula Yohane, mnzanga wapasiteji amene njinga yake imakwera chitunda chija osasintha n'giya yomwe. Mtima ukundiwawa, zoona. Chongonditonthoza n'chakuti sapeza mpata wocheza.
Ndapita kuseri kwa khitchini kukafuna siponji yanga ija kuti njinga ikachira ndidzaibwezere. Ndapeza alamu akutsukira mapoto. Akuti njabwino kwambiri, ndiwapezere ina.