Kontirola Yothamangira Kwawo

Nkhani iyi ndinafuna kupita nayo kumanda, koma anyamata oitanira makombi ku Chegutu akuifotokoza kale mokhotetsa, ndiye bola muimve kwa mwini wake. Manyazi alipo, sindikana. Koma mkwiyo ndiye wochuluka, ndipo polemba pano mtima ukuwirabe.

Ine mpira wa pa gemu ndimautha. Funsani aliyense amene ankasewera ku Rimuka, kuno ku Kadoma, nthawi yathu. Ndinangousiya nditakwatira, chifukwa makina a gemu ndi odula ndipo ana amafuna nsapato. Ndiye tangoganizani, tili pa ukwati wina, mlamu wanga Lavumo, mlongo wake wa mkazi wanga, n'kundigwira dzanja pamaso pa anthu.

"Tsano," anatero, kutanthauza mlamu m'Chishona, "zala izi zatha. Zatsala zokanyira sadza basi."

Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Ndinamuuza kuti abwere kwathu ku Kadoma kumapeto kwa mwezi, adzaone ngati zala zimakalamba.

Makina ndinalibe, koma laputopu ndinali nayo. Mnzanga Amidu ndiye anandiuza kuti kontirola ya makina a gemu imatha kugwira pa kompyuta. Amidu ameneyu tinakulira limodzi mu komboni ya mgodi ku Gadzema. Agogo athu anachokera limodzi ku Nyasalande, ake ku Mangochi, anga ku Dedza. Lero ali ndi katebulo pafupi ndi renki ya makombi ku Chegutu, amagulitsa machaja ndi makava a foni. Anandipezera makontirola awiri ogwirapo kale ntchito, oyera bwino.

Kuti agwire pa laputopu sinali ntchito yamasewera. Umadina mabatani awiri pamodzi mpaka kagetsi kayambe kuphethira, kenako laputopu iyipeze pa Bluetooth. Ikaipeza, gemu imakana kuiona. Umaikamo kapulogalamu kena, umazimitsa, umayatsanso. Ikaiona, batani lomenyera shoti limapatsira mnzako, lopatsira limagwetsa munthu. Ndinakhala pansi n'kuliuza batani lililonse ntchito yake ngati ana a sukulu. Zitatheka ndinalumikizanso yachiwiri, ya Lavumo, n'kukaiika m'bokosi lake m'chipinda cha alendo kuti ana asaigwire.

Ndinayesa gemu imodzi. Zigoli zinkangolowa ngati mvula. Ndinamumvera chisoni Lavumo.

Mawa lake kunabwera apongozi anga, amayi ake a mkazi wanga. Bondo linkawavuta, ndiye anabwera kuti akhale pafupi ndi chipatala. Tinawapatsa chipinda cha alendo.

Muyenera kuwadziwa apongozi anga. Anabadwira kuno ku Zimbabwe, ku Malawi sanapondeko, koma mwambo amausunga kuposa a ku Dedza enieniwo. Mkamwini salowa m'chipinda chawo. Sawayang'ana kumaso. Tikakumana pakhonde, ine ndimatembenukira kukhoma, iwo amayang'ana pansi. Akafuna kundiuza kanthu amauza mwana wawo, ngakhale ine ndili pomwepo. Ndipo ine zimenezi ndimazinyadira, chifukwa akamwini a masiku ano amakhala pa sofa imodzi ndi apongozi n'kumalimbirana rimoti.

Madzulo ndinayatsa gemu kuti zala zizolowere. Poyamba zinali bwinobwino. Kenako wakutsogolo wanga, atatsala yekha ndi goloboyi, anatembenuka. Anayamba kuthamangira kwawo! Ndinakankhira kandodo kutsogolo, iye n'kumabwererabe. Anadutsa pakati pa bwalo, anadutsa anzake onse, n'kumenya shoti yoti goloboyi wanga sanaione n'komwe.

Ndinazimitsa gemu pomwepo.

Ndinachotsa kapulogalamu kaja n'kukaikanso. Ndinaonera mavidiyo a anyamata a ku India mpaka data inatha. Ndinapemerera m'mabatani, ndinapukuta ndi sipiriti, ndinaiyanika padzuwa. Nthawi zina inkagwira bwino kwa kanthawi, ine n'kupuma, kenako osewera anga n'kuyambanso ulendo wa kwawo.

"Mwina ndi zala zanu, bambo a Tadala," anatero mkazi wanga akudutsa ndi mbale.

"Zala zanga zatani?"

"Aa, ndangonena."

Nayenso magazi ake ndi a Lavumo omwewo.

Tsiku lina nditatopa ndinatseka laputopu mwaukali. Nthawi yomweyo mawu anamveka kuseri kwa chitseko cha alendo.

"Mai a Tadala, auzeni bambowo asafulumire kusiya. Asewerebe pang'ono."

Apa ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Mpaka apongozi kundimvera chisoni! Munthu wamkulu, wodwala, kumandilimbikitsa ngati mwana amene walephera mayeso! Ndinati ayi, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa ndinanyamula laputopu ndi kontirola, ndinakwera kombi ya ku Chegutu.

Njira yonse ndinkakonza mawu. Pofika pa renki anali atapsa. Ndinamupeza Amidu akuyesera mayi wina chaja.

"Amidu! Ine undigulitse zinyalala?"

"Aa, shamwari, wadzuka bwanji kaye?"

"Usandifunse zodzuka! Chinthu chako chikundimwetsa zigoli ndekha!"

Anthu anayamba kusonkhana. Pa renki anthu sachedwa, ngakhale amene kombi yawo yadzadza amatsika. Amidu anatsegula laputopu pa katebulo kake, anayatsa gemu, n'kundipatsa kontirola.

"Sewera tione."

Ndinasewera. Abale, chinthucho chinagwira ngati chatsopano. Ndikati kumanja, kumanja. Ndikati shoti, shoti. Ndinagoletsa chigoli chokongola moti mnyamata wina woitanira kombi anaimba likhweru.

Munthu wanzeru akanapepesa pomwepo n'kukwera kombi. Ine ndinakwiya kuwirikiza.

"Waisintha! Ndakuona manja ako pansi pa tebulo!"

"Ndasintha chiyani? Sinachoke m'manja mwako!"

"Mbava iwe! Umagulitsa zinthu zogwira pamaso pako pokha!"

Mayi uja anabweza chaja pa tebulo pang'onopang'ono n'kuchoka. Bambo wina amene anali atasankha kava ya foni anaisiyanso. Amidu anavula kachipewa kake, anakayang'ana, n'kukavalanso.

"Ine ndi iwe tinadyera mbale imodzi ku Gadzema," anatero motsitsa mawu. "Lero wanditcha mbava pamene ndimadyera. Chabwino. Loweruka ndibwera ndi Lavumo. Ikakachita misala pamaso panga, vuto n'kukhala la kontirola, ndipasula tebulo ili. Koma vuto likakapezeka kwanu, udzaima pa kireti iyi, udzauze renki yonse chimene chinalakwika. Ndi mawu aakulu omwewa."

"Ndavomera!" ndinatero. Ndinaigundanso kiretiyo ndi phazi.

Loweruka masana anafika onse awiri. Lavumo anapita kukhitchini kukapereka moni kwa amayi ake, amene ankamwa tiyi ndi mkazi wanga. Amidu anakana ngakhale madzi. Anangokhala kumapeto kwa sofa, manja atapinda.

Ndinayatsa gemu. Kontirola inagwira bwinobwino. Ndinapatsira, ndinathamanga, ndinagoletsa. Sindinayambe ndadanapo ndi chigoli changa ngati tsiku limenelo. Thukuta linali kamukamu. Amidu ankangondiyang'ana.

"Dikirani," ndinatero. "Imayamba mochedwa."

"Tadikira, tsano," anatero Lavumo.

Ndinamva apongozi akudutsa pakhonde ndi ndodo yawo, ndinatembenukira kukhoma monga mwa nthawi zonse, chitseko chawo n'kutsekeka. Sipanapite nthawi, wakutsogolo wanga anaima. Anatembenuka. Anauyamba wa kwawo, ndipo mpira unakathera mu ukonde wanga.

Ndinalumpha mpaka kugunda babu!

"Mwaona! Mwaona! Ndadzimwetsa! Amidu, waona ndi maso ako!"

Ndinavina pakati pa balaza, bambo wa ana atatu, kusangalalira chigoli chodzimwetsa. Amidu nkhope inagwa. Anandilanda kontirola, anaitembenuza uku ndi uku, kenako anaiika pa tebulo. Palibe amene ankaigwira. Koma pa sikirini wosewera wanga ankathamangabe, kuima, kumenya mpira kunja, kuthamanganso.

"Maiwe!" anakuwa Lavumo, n'kukweza miyendo pa sofa. "Tsano, m'nyumba muno muli chipoko, mzukwa weniweni!"

Amidu ananong'ona kapemphero ka Chiarabu. Inenso, kunena zoona, kuvina kunatha.

"Tiyese inayo," anatero Amidu. "Ndinakugulitsa awiri."

"Ili m'bokosi, m'chipinda cha amayi. Ine sindilowamo."

Lavumo ndi mwana wawo, ndiye anagogoda n'kulowa. Kenako tinamva chinthu chikugwa, ndipo anali Lavumo. Anatuluka chokwawa, akuseka mopanda mawu, misozi ili mbwembwembwe, akuloza m'mbuyo.

Pambuyo pake panatuluka apongozi. Ndinayang'ana kudenga msangamsanga, koma diso ndi diso, linali litaona kale. Pa bondo lawo, pamwamba pa chitenje, panali pomangidwa duku. Mkati mwa dukumo kagetsi ka buluu kankawala.

"Mai a Tadala," anatero apongozi, akulankhula ndi mkazi wanga amene anathamangira kuchokera kukhitchini, "mwana uyu akuseka chiyani? Ine ndimati ndithokoze alendo ali pompano. Auzeni bambowo kuti makina a bondo amene anandiikira m'chipinda ndinawapeza. Ndi munthu waulemu, sanafune kundipatsa pamanja. Ndinangodina pakati, n'kuyamba kunjenjemera okha."

Amidu anayang'ana duku lija, kenako anayang'ana ine.

"Koma amagwira bwino bambowo akamaonera mpira wawowo. Anthu aja akafuula kuti chalowa, ndiye amanjenjemera mpaka m'fupa. Makamaka ndikapinda chonchi."

Anapinda bondo. Pa sikirini wotchinga kumbuyo wanga anatembenuka n'kumenya shoti, goloboyi anagwera kwina, bwalo lonse linafuula. Duku linanjenjemera.

"Eyaa," anatero apongozi, maso atatsinzina. "Pomwepo."

Laputopu inkawatenga makontirola onse awiri ngati munthu mmodzi. Ndinalumikiza ndekha, ndi manja angawa. Sabata yonse ndinkalimbirana timu ndi bondo la apongozi, ndipo bondolo linkapambana.

Amidu sanaseke. Anaimirira, anakonza kachipewa kake, anapereka ulemu kwa apongozi, n'kundiyang'ana.

"Lolemba. Pa kireti."

Ndinamutsatira mpaka pageti. "Amidu, m'bale wanga, ganiza bwino. Ndikaime pa renki, pamaso pa mahwindi, anyamata oitanira makombi aja, ndizikatchula mwendo wa apongozi anga? Ine mkamwini?"

Mkazi wanga anali kale kumbuyo kwanga. "Mukangotchula bondo la amayi pa renki, bambo a Tadala, kombi yobwerera musakwere. Mupitirire ku Harare."

"Ndiye ndikanene chiyani?"

"Zimenezo ndi zako," anatero Amidu. "Ine ndikufuna dzina langa."

Lolemba ndinapita. Ndinkayembekeza kuti mwina kugwa mvula, koma kunja kunali ngwee. Amidu anali ataika kale kireti pakati. Lavumo anali atapempha tchuthi kuntchito, foni ili m'mwamba kujambula. Ndinakwera. Ndinayang'ana anthu onsewo, ndinaganiza za bondo lija, ndinaganiza za ulemu wa nyumba yanga.

"Amidu si mbava," ndinatero. "Kontirola yake ndi yabwino."

"Hatisi kunzwa, mudhara! Kwezani volume!" anakuwa hwindi wina, kudandaula kuti sakumva.

"AMIDU SI MBAVA!"

"Saka vuto linali chiyani?" anafunsa mayi wa chaja uja. Anali atabweranso, kaya anamuitana ndani.

Chilungamo chinali pakamwa penipeni. Mawu awiri okha akanandipulumutsa. Koma ndinaleredwa bwino, ndipo kuleredwa bwinoko ndi kumene kunandipha.

"Vuto ndi ine," ndinatero. "Sindidziwa kusewera. Zigoli zonse zija ndinkadzimwetsa ndekha."

Renki inaphulika. Madalaivala anaimba mahutala. Amidu anandithandiza kutsika, anandikumbatira, ndipo mayi uja anagula chaja chake. Lavumo anandigwira dzanja, analikweza m'mwamba kuti onse alione, n'kulengeza kuti gemu yathu yathera pomwepo, chifukwa iye samenya munthu amene wavomera yekha.

Anapambana osagwira n'komwe kontirola! Ine amene ndikanamumwetsa mpaka kulira! Ndipo ndilibe pokadandaula, chifukwa mboni yanga yokhayo ndi bondo limene sindiloledwa kulitchula.

Musanatche mnzanu mbava pa renki, yambani mwatuma munthu akasuzumire m'chipinda chimene inu simulowamo.