Chumuni cha Lingisoni

Mwambi mwandifunsawu, ana inu, chiyambi chake n'chotere. Ena adzakuuzani kuti unachokera kwa ofula njuchi kuthengo, koma amenewo angomva zam'maluwa. Unayambira m'nyumba, masanasana, pamaso pa apongozi, kuseri kwa phiri la Dedza kumene chisanu cha mu Juni chimalowa mpaka m'mafupa.

M'mudzi wina kumeneko munali akamwini awiri amene anakwatira ana a mayi mmodzi. Wamkulu anali Lingisoni, mwamuna wa Esinati. Wamng'ono anali Mateketa, mwamuna wa Velina. Nyumba zawo zinayang'anizana, ndipo pakati pake panali nkhokwe ya apongozi awo, Anajere, mayi wokalamba amene chifuwa chinkamuvuta chaka chilichonse kukazizira.

Lingisoni sanali waulesi, ndisamunamizire. Khasu ankalidziwa, ndipo mowa ankamwa mwaulemu. Matenda ake anali nsanje. Mateketa akagula chipewa, Lingisoni mutu unkamuwawa. Nkhuku ya Mateketa ikaswa anapiye khumi, tsiku limenelo chakudya sichinkatsika pakhosi pa Lingisoni. Chinkamupweteka kwambiri n'chakuti iye ndiye anayamba kufika pamudzipo, ndiye ankaona ngati chabwino chilichonse chiyenera kuyambira pakhomo pake.

Tsono Mateketa ali mnyamata anagwirapo ntchito yosonkha moto m'nyumba za azungu oyang'anira nkhalango. Kumeneko anaphunzira kumanga ng'anjo yowothera m'khoma la nyumba, yokhala ndi chumuni chotulutsira utsi pamwamba. Chaka china anaumba njerwa, naboola khoma lake, namanga yakeyake. Moto unkayaka m'nyumba, utsi n'kumatulukira kumwamba, anthu n'kumawotha maso ali owuma. Anajere anakakhala kumeneko Juni yense, ndipo chifuwa chija chinachita ngati chaiwala njira.

"Mkamwini wanga wamng'onoyu mutu ali nawo," anatero Anajere tsiku lina akusankha nyemba pabwalo.

Lingisoni anamva mawuwo ali kuseri kwa nkhokwe, ndipo anamubaya ngati minga. Mawa lake anayamba kuumba njerwa.

"Bambo a Sitela," anatero Esinati, "bwanji osawapempha alamu anga adzakuonetseni poyambira?"

"Ine ndikafunse Mateketa? Amene anabwera pamudzi pano ndi bulangete limodzi, mphasa n'kubwereka kwa ine? Maso ndili nawo, mayi a Sitela."

Masowo anawagwiritsadi ntchito. Ankabisala kuseri kwa nkhokwe n'kumawerenga njerwa za chumuni cha mnzake, mzere ndi mzere, kenako n'kuthamangira kwawo asanaiwale. Mwamwayi wa chitsiru, ng'anjo yake inagwira. Anaiyatsa kumapeto kwa Julayi, utsi unakwera bwinobwino, ndipo Lingisoni anayenda mudzi wonse chifuwa chili patsogolo, akuuza aliyense kuti kumanga chumuni ndi ntchito ya ana.

Anajere ataona zimenezo anaitana ana awo aakazi. "Popeza nyumba zofunda zilipo ziwiri," anatero, "chaka chamawa ndidzayamba ndayesa ya Esinati, poti ndiye wamkulu. Ndipo mkamwini amene adzandisunge pofunda Juni yense, dimba langa la kumtsinje lija adzalime ndi iye. Ine msana watha."

Dimba limenelo linali la dothi lakuda, losauma ngakhale mu Okutobala, ndipo kachewere wake ankakula ngati chibakera. Lingisoni ankalifuna, inde. Koma chimene sankatha kupirira n'kuganiza za Mateketa akulima mmenemo, iye akuona.

Chisanu chitatha, Mateketa anatsamiritsa makwerero pakhoma, nakwera atanyamula phale lalikulu. Anavundikira kukamwa kwa chumuni chake, namata dothi m'mbali. Lingisoni anaona, naseka mpaka kugwira nthiti.

"Taonani mmisiri wanu uja," anauza mkazi wake. "Wamanga potulukira utsi, lero akutsekanso yekha. Nzeru zochita kubwereka kwa azungu zimatha msanga."

Mateketa ali pamwamba pomwepo anaitana. "Akulu, chumuni chanucho mukachisiya chonchi..."

"Changa chili bwino. Samalani chanucho."

Mateketa anamaliza kumata, natsika. Anali munthu wofatsa, koma wosakonda kuthamangitsa munthu ndi malangizo ngati akugulitsa tomato.

Nyengo yotentha inafika. Njuchi, zimene zimafuna malo amdima otchingika kumphepo, zinapeza chumuni cha Lingisoni chili yasa, ndipo zinalowa. Zinamanga zisa zawo pakhosi penipeni, pamene chumuni chimakhota, malo osaoneka kuchokera pansi kapena pamwamba. Lingisoni ankaziona zikuzungulira padenga, koma ankati n'zodutsa. Maso ake nthawi zonse anali pakhomo pa Mateketa, ndiye za padenga pake analibe nazo nthawi.

Mu Meyi mphepo itayamba kuluma, Mateketa anakweranso, nachotsa phale lija. Anamangirira mwala ndi mtolo wa nthambi kuchingwe, n'kumatsitsa ndi kukweza m'chumunimo mpaka mwaye wonse unagwera pansi. Velina anasesa, iye anayatsa moto, ndipo utsi unakwera mowongoka.

Lingisoni sanafune kutsalira. Anathamangira m'nyumba, naunjika nkhuni, nayatsa. Utsi unakwera pang'ono, n'kubwerera, n'kudzaza nyumba yonse. Esinati anatuluka akutsokomola, misozi ili mbwee. Pamwamba panamveka kulira, ndipo gulu lakuda la njuchi linatuluka m'chumuni n'kulowera kuphiri. Uchi umene zinasiya, nyerere zinautsiriza m'masiku otsatira. Munatsala zisa zouma zokhazokha, zitatseka njira ya utsi ngati chitsekerero.

"Mwaona?" anatero Lingisoni akupukuta m'maso. "Njuchi zija zatumidwa. Munthu uja sakufuna kuti ine ndilime dimba."

"Njuchi zimatumidwa ngati ana, bambo a Sitela?"

"Inu simudziwa za anthu amene anakhalapo kwa azungu."

Anayamba ndi kunena nkhuni. Anati n'zaziwisi, ndipo anayenda mtunda wautali kukadula bulugamu wouma. Utsi unabwerera. Kenako ananena mkazi wake, kuti amaika nkhuni mopingasa m'malo moimika. Anaika yekha moimika, utsi unabwereranso. Ndiye anakaima pabwalo n'kuyerekeza zumuni ziwirizo ndi diso, naona kuti cha Mateketa chinali chachitali ndi njerwa imodzi. Anati vuto ndi limenelo. Anakwera, nawonjezera mizere isanu, kuti chake chioneke ngakhale kwa anthu a kutsidya. Anasuzumiramo, naona mdima wokha, natsika ali wokhutira. Atayatsa, utsi unatulukira pakhomo ndi pazenera, ndipo anthu odutsa anabwera ndi zidebe za madzi poyesa kuti nyumba ikupsa.

Manyazi anamugwira, koma nsanje inali yaikulu kuposa manyaziwo. Madzulo alionse ankakhala pakhonde manja ali m'khwapa, akuyang'ana utsi wa Mateketa ukukwera mwaulemu, ndipo mumtima ankautukwana utsiwo ngati munthu.

Esinati anayesanso. "Velina akuti alamu akudziwa chimene chavuta. Akuti munthu wamkulu samuphunzitsa kudzera mwa mkazi wake, koma mukangowafunsa nokha, ndi ntchito ya m'mawa umodzi."

"Mawu ochokera nyumba iyo asalowe muno."

"Nanga utsiwu ndiye uzilowa?"

"Akufuna adzauze amayi kuti chumuni changa anakonza ndi iye. Ndiye dimba lidzakhala la yani? Ine ndinabadwa kale, mayi a Sitela."

Tsiku la Anajere linafika. Kunali chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu, kozizira koti zala zinkakana kumanga mfundo. Lingisoni anali ataganiza usana ndi usiku, ndipo anapeza yankho lake lomaliza: moto wake unkachepa mphamvu. Utsi wa moto waung'ono ndi waulesi, anatero, umafuna moto waukali woukankha kumbuyo. Choncho anaunjika zitsononkho dengu lonse, pamwamba pake bulugamu, pamwamba pakenso udzu wouma.

Anajere analowa atafunda nsalu ziwiri, Velina atawagwira mkono. Mateketa anabwera pambuyo atanyamula mpando wa apongozi, nakhala pansi pafupi ndi khomo. Lingisoni anagwada chapatali, nawomba m'manja mwaulemu.

"Amayi, lero mumva kufunda kumene simunakumvepo m'nyumba ina iliyonse pamudzi pano."

Anayatsa. Moto unalilima, malawi n'kukwera mpaka kukhosi kwa chumuni. Utsi unayamba kuzungulira kudenga n'kumatsika pang'onopang'ono. Anajere anatsokomola kamodzi, kawiri, nakoka nsalu kutseka mphuno. Lingisoni ankakupiza ndi lichero, thukuta lili kamukamu, akunena kuti utsiwo ndi woyambirira chabe.

Kenako m'nyumbamo munamveka fungo lokoma. Kutentha kuja kunasungunula zisa, ndipo madzi achikasu anayamba kuyenderera pakhoma la ng'anjo. Ena ankagwera pamoto n'kuthetheka, ena ankatsikira pamwala wa m'mbali. Lingisoni ananunkhiza, nayang'ana madziwo, nayang'ana Mateketa. Nkhope yake inawala kwa nthawi yoyamba chiyambire Meyi.

"Uchi," anatero. "Amayi, taonani. Zumuni za anthu ena zimangotulutsa utsi. Changa chikutulutsa uchi."

"Akulu," anatero Mateketa, "musanachite chilichonse, mundilole ndinene..."

"Nsanje, amayi. Mwaimva nokha. Munthuyu sakondwa mnzake akapeza chabwino."

Mateketa anangopinda manja. Lingisoni anatenga chipande, nachitchera pakhoma mpaka chinadzaza. Anapita nacho pakhomo kuti mphepo ichiziziritse pang'ono, ndipo ataona kuti chayamba kulimba pamwamba anati umenewo ndiye uchi weniweni, wosasakaniza ndi madzi. Mwambo umati mwininyumba ayambe walawa asanapatse mlendo. Iye sanalawe ngati munthu. Pofuna kuti Mateketa aone bwino, anakweza chipande chonse n'kukhuthulira m'kamwa.

Kutsekemera kunalibe. Munali kuwawa kwa mwaye ndi timiyendo ta njuchi zakufa. Anafuna kulavula, koma maso a apongozi anali pa iye, ndiye anayamba kutafuna akumwetulira. Mphepo ya pakhomo inachita ntchito yake. Zinthuzo zinauma m'kamwa, zinagwira mano akumwamba ndi akumunsi, zinamata ndevu ndi milomo. Lingisoni anatafuna, natafuna, nsagwada zikulira, koma kumeza kunakanika ndipo kulavula kunakanikanso.

"Watsekemera, bambo?" anafunsa Anajere pakati pa chifuwa.

Lingisoni anagwedeza mutu, misozi ikutsika.

"Nanga bwanji simukutigawira?"

Anayesa kuyankha, koma panangotuluka kung'ung'udza ngati kwa ng'ombe yomangidwa pakamwa. Esinati anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero palibe akudziwa ngati ankalira kapena ankaseka.

Utsi tsopano unali utafika pamutu pa anthu okhala pansi. Anajere anatsokomola mpaka kugwira pamtima, natambasula mkono kuti Velina awadzutse. Ali chiimire anatembenukira kwa mkamwini wamng'ono.

"Bambo Mateketa, ine ndine nkhalamba yosadziwa kanthu, ndiye ndifunse. Chavuta n'chiyani m'nyumba muno?"

"Njuchi zinamanga zisa pakhosi pa chumuni, amayi, chifukwa chinakhala chosavundikira chilimwe chonse. Uchi unatha kale. Pangofunika chingwe, mwala ndi nthambi, basi. Tikanayamba m'mawa, bwenzi pano mukuwotha."

"Chingwe ndi mwala," anabwereza Anajere. "Ndipo inu mumakhala apa, poti munthu akhoza kukuitanani osadzuka pampando."

"Apa pomwe, amayi."

Anajere anayang'ana Lingisoni nthawi yaitali. Iye anali ataima pakhomo, chipande m'manja, akukanda m'kamwa ndi chala. Chisoni chinawagwira ndithu, chifukwa anali mkamwini wawo woyamba ndipo anawalimira zaka zambiri. Koma chifuwa sichidziwa chisoni.

"Nditengereni mpando wanga, bambo Mateketa. Khasu la kudimba lili kuseri kwa chitseko changa, mukalitenge mawa."

Anadutsa pafupi ndi Lingisoni pang'onopang'ono, natuluka m'kamvula kaja kulunjika ku nyumba yofunda. Anthu amene anasonkhana panja poona utsi anafunsa kuti kwagwanji, nanga mkamwini wamkulu bwanji sakuyankhula. Anajere sanaime n'komwe. Anangoloza kumbuyo ndi ndodo yawo, nanena mawu amene inu mukuwamva mpaka lero:

"Musiyeni. Safunsa anadya phula."